Wilibala m'Manja mwa Mwana Wanga

Tsiku limenelo panali ine, panali mayi akunyumba, panali alamu anga, achimwene awo a mayiwo, munthu amene sagona ndi mawu m'mimba. Panali ahedi a pasukulu yathu ndi aphunzitsi anzawo anayi, amayi a m'mudzi amene anabwera ndi zidebe kudzatunga madzi, ndi achinyamata amene analemba folomu folo koma akungokhala pakhomo. Kuchokera ku Blantyre kunabwera basi imodzi yodzaza anthu a pakampani ina. Mwa amenewo ine ndikukumbuka atatu: bambo wina wamimba, mayi wina wamfupi wamagalasi, ndi mwana wanga wamwamuna, wachiwiri kubadwa. Ndawatchula onsewa kuti pasadzapezeke wina wonena kuti nkhaniyi ndapeka, kapena kuti ndachotsako zondichititsa manyazi. Sindinachotse kanthu.

Ine ndinali kapitawo pa esiteti ya tiyi mpaka tsitsi linayera. Sukulu ndinalekera sitandade 3, ndiye tsamba limodzi la kope lino limanditengera masiku awiri. Koma mawu okha Mulungu anandipatsa. Ndikaima kumtunda kwa munda n'kuitana kuti nthawi ya sikelo yakwana, ngakhale wotchola tiyi wa kutsidya kwa mtsinje ankasenza dengu lake. Mpaka lero kutchalitchi chimkuzamawu chikafa amatuma munthu kudzanditenga.

Mwana ndikunenayu ndinamuphunzitsa ndi tiyi yemweyo. Pano akugwira ntchito pakampani yaikulu ku Blantyre, mbali ya makompyuta. Mu ofesi yake sindinalowemo. Chimene ndili nacho ndi chithunzi chake, atavala tayi, atakhala pampando uja wozungulira, ndipo chithunzi chimenecho pa Chitakale palibe amene sanachione. Wometa anachiona, wokonza njinga anachiona, anzanga a pabawo anachiona mpaka anayamba kundiuza kuti, "Akapitawo, bwezani m'thumba, tinachiloweza kale."

Lachitatu lina m'mwezi wa June anaimba foni.

"Ababa, Loweruka tikubwera ndi anzanga akuntchito. Tifikira pasukulu yathu ija. Chipinda chija amasungiramo madesiki othyoka tichikonza, tiikemo makompyuta, kenako tiphunzitse aphunzitsi ndi achinyamata kagwiritsidwe ntchito kake."

Ine m'mutu mwanga ndinaona zimene ndinazolowera: galimoto yaima, bwana watsika, manja kumbuyo, akuloza apa ndi apo, ena akuthamanga. Ndinalengeza mudzi wonse. Loweruka ndinavala jekete langa lakuda ndi chipewa, n'kukakhala pabenchi kutsogolo kwa ofesi ya ahedi anthu asanafike n'komwe. Kunali chiperoni. Phiri lonse linali litamira mumtambo, nsonga ya Chambe yosaoneka, kamvula kaja kosadziwika ngati kakugwa kapena kakungoyandama.

Basi inafika. Anthu anatsika, onse atavala masikipa obiriwira ofanana, amuna ndi akazi omwe. Ndinafunafuna wa tayi, panalibe. Mwana wanga anatsika pakati pa gulu, sikipa yomweyo, thalauza lakalekale, nsapato zamphira. Anabwera kudzatipatsa moni, n'kugwira amayi ake dzanja mwaulemu, kenako anati, "Ababa, ticheza bwino nthawi ina, ntchito ndi yambiri." Anazungulira kuseri kwa basi n'kutsitsa wilibala.

Wilibala! Ndinayesa akufuna apatsire munthu wina. Ayi ndithu. Anaikankha yekha mpaka pakhomo pa chipinda chija, n'kutenga fosholo, n'kuyamba kuwola zitosi za mileme zimene zinaunjikana m'menemo zaka zambirimbiri. Potuluka ndi wilibala yoyamba, mutu wonse unali ulusi wa akangaude.

Alamu anandigunda ndi chigongono.

"Alamu, bwana wa pachithunzi uja sanabwere? Kapena anabadwa awiri, mlongo wangayu anatibisira?"

"Khalani chete."

"Ayi, ine ndangofunsa. Komatu wilibalayo akuidziwa. Taonani pokhota paja, sanatayeko ngakhale pang'ono. Ndiye kuti kuofesiko amayeserera tsiku ndi tsiku."

Amayi a zidebe aja anaseka, atabisa pakamwa ndi zitenje. Ine sindinaseke. Chinthu chimenechi ine ndinali nditachionapo.

Pa esiteti panali njira yake yochotsera kalaliki. Ndikunena zakale, nthawi ya mabwana amene anapita kalekale. Kalaliki akalakwa, kaya wasokoneza pasikelo, kaya wayankha mwamwano, sankamupatsa kalata yomuchotsa ayi. Ankamulanda cholembera, n'kumupatsa dengu, n'kumutumiza kukatchola kumunda umene wayandikana ndi mudzi wa akazi ake. Cholinga chinali choti apongozi ake popita kumadzi azimuona atawerama m'tiyi, dengu kumsana. Mwezi sunkatha, munthu ankasiya yekha ntchito. Mmodzi wa iwo dengulo ndinamupatsa ndine, ndi manja angawa. Anali munthu waukhondo, wa masokosi oyera. Akazi ake atabwera kudzamufunsa m'mphepete mwa munda, ndinamumva akunena kuti wachita kupempha yekha, akuti miyendo inkatupa chifukwa chokhalitsa pampando. Ine ndinamukuwira kuti asiye macheza, mzere wake watsalira. Patapita masabata atatu anawoloka malire kupita kwa abale ake ku Mozambique, ndipo sindinamuonenso.

Tsono ndikuyang'ana, mwana wanga alibe tayi, ali ndi fosholo, ndipo amubweretsa pasukulu yomwe anaphunzira, pamaso pa amayi ake ndi amalume ake. Chinatsala n'chiyani pamenepa? Enawo ndinangoti ndi olakwa anzake, awasonkhanitsa basi imodzi. Ankaseka, ankajambulana ndi mafoni, wina ankaimba kwinaku akukanda simenti. Ine ndinati ana a m'tauni sadziwa pamene akuchotsedwa.

Ndinamudikira kudzala, kumene ankakataya zitosi zija.

"Iwe, taima. Walakwa chiyani?"

"Kuti bwanji, Ababa?"

"Usandibise. Ine ndine bambo wako. Wasokoneza makina awo? Watukwana munthu?"

Anaseka, n'kupukuta thukuta ndi sikipa ija. "Ababa, palibe chimene ndalakwa. Tangodzipereka tokha. Kuntchito kwathu timachita zimenezi, timasankha malo n'kupita kukathandiza."

"Loweruka?"

"Ee, Loweruka."

"Akulembani tikiti ya lero?"

"Ayi, palibe cholandira. N'kungothandiza."

Pamenepo ndiye ndinatsimikiza. Makolo athu atawoloka kuchokera kutsidya kwa malire kudzakhala m'minda ya azungu, ankagwira ntchito yopanda cholandira, ndipo dzina lake inali thangata. Bambo anga ankalitchula dzinalo kenako n'kulavula. Palibe munthu anapitako chifukwa chofuna. Lero mwana wanga akuti wachita kufuna yekha, mawu omwe aja a kalaliki wa masokosi oyera.

Ndinapita kwa mayi akunyumba, amene anali atakhala pachitsa pafupi ndi mjigo.

"Mwana akumuchotsa ntchito."

"Wakuuzani choncho?"

"Sanganene. Koma ine ndikudziwa."

"Inu, mwana akuseka uyo. Takhalani pansi, musatichititse manyazi."

"Mayi, za ntchito inu simuzidziwa."

Kwathu kuno munthu sapita kukapepesa yekha, ndipo sapita chimanjamanja. Nyumba yathu ili pafupi, kungodutsa bwalo la mpira, kamunda ka nanazi, m'mphepete mwa tiyi ndi mlatho wamatabwa. Ndinakagwira tambala wanga wofiira, wamkulu pa onse, n'kumumanga miyendo ndi luzi. Woti andiperekeze panalibe wina koma alamu omwewo, pakuti ndiwo eni mbumba, mwanayu ndi wawo kuposa ine. Atamva zimene ndikufuna kuchita anasiya kuseka. Anayang'ana mphwawo akukankha wilibala, n'kuyang'ana ine.

"Alamu, mukunenetsa?"

"Ndinaziona ndi maso, osati kamodzi."

Ananyamula tambala uja m'khwapa. "Tiyeni. Nanga bwana wawo ndi uti?"

Limenelo kwa ine silinali funso lovuta. Pantchito iliyonse bwana ndi amene sakutuluka thukuta. Ndinaponya maso. Ena anali padenga akumangirira sola, ena ankapaka laimu, ena ankakhoma matebulo. Mayi wamfupi wamagalasi uja anali chogwada m'chipinda, akukolopa pansi ndi chisanza, ndipo ndinamumvera chisoni kuti munthu wamkulu ndithu walakwa chiyani. Koma pansi pa mtengo wa mapeyala panali bambo wamimba uja. Iye yekha sanavale sikipa, anavala shati yoyera yosita bwino. Anakhala pampando umene ahedi anamutulutsira, mwendo pamwamba pa unzake, foni m'manja, makiyi akulendewera palamba. Munthu wina anamubweretsera botolo la zoziziritsa kukhosi, iye n'kulandira osayang'ana n'komwe.

"Ndi ameneyo," ndinatero.

Ine moyo wanga wonse sindinagwadirepo munthu. Mabwana a pa esiteti ndinkawavulira chipewa basi, nditaima. Koma tsiku limenelo ndinafika pamaso pa bambo ameneyo, ndinavula chipewa, n'kugwada mawondo onse awiri pamatope, thalauza langa la kutchalitchi lomwe. Alamu ananjuta pambali panga, n'kuika tambala pansi. Ndinkafuna kulankhula motsitsa kuti timvane awiri. Koma kutsitsa kwanga ine, a padenga amamva.

"Bwana, ine ndine bambo wake wa mnyamata akukankha wilibala uyo."

Munthu uja anadzidzimuka, foni inatsala pang'ono kugwa. "Madala, n'chiyani? Tadzukani!"

"Ndilekeni ndimalize, bwana. Chimene walakwa sindikuchidziwa, iye sakunena. Koma mwana ameneyu chibadwire sanabepo kanthu, sanayankhepo wamkulu mwamwano. Ngati pali cholakwa, wolakwa ndine amene ndinamulera."

"Madala, pepani, ine..."

"Mukalipireni, mulangeni, ndi mwana wanu. Koma ntchito yokha musamuchotse. Ndipo ngati chilango chake n'chimenechi, mutumizeni kwina, kaya ku Limbuli, kaya kutali kumene sakumudziwa, osati pano pamene amayi ake akuona. Kankhuku aka n'kochepa, koma landirani."

Nditamaliza ndinazindikira kuti pasukulu ponse pali zii. Nyundo zinaleka. Mjigo unaleka. Bambo wamimba uja anali ataimirira, akupotokola manja ngati wapsa.

"Madala, ine ndine dalaivala chabe. Basiyinso si ya kampani, angochita hayala. Anthuwa ndawadziwa lero m'mawa."

Alamu anayang'ana tambala, n'kuyang'ana ine.

"Ndiye alamu, tikayese kwa kondakitala?"

Wina padenga anaphulika kuseka, n'kudzigwira msanga. Ine ndinakhalabe chogwada. Nditatembenuka ndinaona mwana wanga ataima pakhomo pa chipinda chija, fosholo m'manja. Iye sankaseka. Anayang'ana pansi.

Amene anabwera ndi mayi wamagalasi uja, chisanza chikadali m'manja, mawondo a thalauza lake atanyowa. Anafika n'kugwada pamatope pomwepo, kutsika kuposa ine.

"Bambo, mukagwada inu, ife ana tikhala pati? Tiyeni tidzuke tonse."

Anandigwira mkono, tinadzuka. Anandikhazika pampando wa dalaivala uja, iye n'kunjuta pambali.

"Ndamva zonse zimene mwanena. Mwana wanuyu amagwira ntchito m'manja mwa ine. Ngati pali womuchotsa, ndine. Ndipo sindikumuchotsa."

Ndinayang'ana chisanza chija. Ndinayang'ana mwana wanga. Anagwedeza mutu kuvomereza, maso akadali pansi.

"Inuyo ndinu bwana?"

"Amatero."

"Nanga mukukolopa bwanji?"

"Pansi pada, Bambo. Makompyuta sagwirizana ndi fumbi."

Anandifotokozera bwinobwino. Akuti pakampani pawo munthu aliyense ali ndi masiku ake pachaka opita kukathandiza kwina, kusukulu, kuchipatala, kulikonse. Akuti palibe wokakamizidwa, aliyense amalembetsa yekha, ndipo ulendo umenewu olembetsa anachuluka kuposa mipando ya m'basi. "Odandaula lero ndi amene atsala ku Blantyre," anatero. Za tambala anathokoza ndi manja awiri, koma anati malamulo a kuntchito kwawo salola kulandira. Mayi akunyumba anali atafika kale. Anatola tambala uja osandiyang'ana, n'kumasula luzi.

"Uyu abwerere kwa akazi ake. Wagwada mokwanira."

Anthu anaseka, ntchito inayambiranso. Mwina mukuganiza kuti pamenepo mtima wanga unakhala pansi. Ayi. Ine mabwana ndakhala nawo. Pagulu amalankhula zokoma, kalata imabwera Lolemba. Ndipo panawonjezekera china: ngati m'mawa mwanayu ntchito anali nayo, nanga tsopano, bambo ake atachita zimenezi pamaso pa akuluakulu ake? Mwina ndi ineyo amene ndamuchotsetsa. Mayi akunyumba anati tizipita, ine ndinakana. Ndinakhala pabenchi paja, matope akuuma m'mawondo, n'kumayang'ana. Mwana wanga anadutsa kangapo, osandilankhula.

Pofika masana chipinda chinali chitasintha. Makoma oyera, matebulo atatu aatali, mawaya atakhomedwa bwino m'mbali. Anatsitsa makatoni m'basi, n'kutulutsamo makompyuta khumi. Akuti anali a kuofesi kwawo, anawakonzanso kuti agwire ntchito kuno. Aphunzitsi ndi achinyamata aja analowa n'kukhala awiriawiri. Ine ndinaima pawindo, alamu pambali panga.

Wina anadina poyatsira. Makompyuta a tebulo loyamba anayaka. A matebulo awiri enawo, zii.

Anayesanso. Zii. Mnyamata wina wa sikipa anagwiragwira mawaya, osathandiza. Ahedi anayamba kukanda m'mutu.

Tsono apa mundimvetse, chifukwa ichi ndi chinthu chimene ine ndimachidziwa kuposa ophunzira. Pantchito, musamayang'ane zovala. Ndinalakwa m'mawa uja chifukwa mantha anandiiwalitsa. Muzidikira ntchito iime. Ikaima, onani kumene maso a anthu apita. Pa esiteti thirakitala ikatitimira m'matope, anthu sankayang'ana bwana wa chipewa chachikulu, ankayang'ana munthu amene akudziwa potulukira. Ndiye ine sindinayang'ane makompyuta aja. Ndinayang'ana maso.

Onse a masikipa anatembenukira kukhomo. Mayi wamagalasi uja anatulutsa mutu panja, n'kuitana dzina la mwana wanga, kawiri.

Iye anali kuseri, akutsuka wilibala pamjigo. Anabwera akupukuta manja, sanathamange. Anayang'ana bokosi la mabatire pakona, anayang'ana mawaya, kenako anagona chagada pansi pa tebulo lachiwiri.

"Mayi, tandiunikirani apa ndi foni."

Bwana uja anagwada n'kumuunikira.

"Osati apo, chakumanzere. Ee, pomwepo. Achimwene, zimitsani kaye zonse. Musayatse mpaka nditanena."

Munthu wamkulu wandevu anathamanga kukazimitsa. Mwana wanga anapempha sikuludilaiva, anthu atatu anatambasula manja nthawi imodzi. Anakhala pansi pamenepo kanthawi, ife tikungoona nsapato zamphira. Kenako anati, "Yatsani." Makompyuta onse khumi anayaka, chipinda chonse chinawala buluu, amayi a zidebe amene anadzaza mawindo enawo n'kululutira.

Mayi wamagalasi anadzuka n'kusasa mawondo. Anatenga choko, n'kulemba manambala pakona pa bolodi, n'kuitana ahedi. Sankalankhula ndi ine, sankadziwanso kuti ndili pawindo.

"Ahedi, nambala iyi musaifufute. Chikavuta chilichonse, kaya mwezi wamawa kaya chaka chamawa, muziimbira ameneyu. Ifenso kuofesi zikatikanika timaimbira iyeyu."

Chaka chamawa! Munthu amene ukumuchotsa Lolemba sumulemba pabolodi kuti azidzamuimbira chaka chamawa. Pamenepo ndiye mpweya unatuluka, umene ndinaugwira chiyambire m'mawa. Ndinatsamira khoma, jekete lonse laimu. Alamu anandiyang'ana. Anangondisasa paphewa.

Phunziro linayamba. Wophunzitsa anali mwana wanga yemweyo, ena onse a masikipa anaima kumbuyo kwa ophunzira n'kumawathandiza pamene iye wanena. Anawaonetsa poyatsira ndi pozimitsira, anawaonetsa kayendetsedwe ka kamuvi kaja kamayenda pagalasi, kenako malo olembapo kalata. Mphunzitsi wina wamkulu, amene anaphunzitsa ana anga onse, ankagwira mabataniwo ndi chala chimodzi ngati akuopa kuti amuluma. Mtsikana wina wa folomu folo anangoona kamodzi, basi wayamba kale kuthandiza mnzake.

Vuto linali limodzi. Mwana wanga anatengera amayi ake, mawu ake ndi apansipansi. Ndipo chiperoni chija chinasanduka mvula yeniyeni, malata n'kuyamba kulira. A tebulo lakumbuyo ankangoona milomo.

"Akuti bwanji?" anafunsa mphunzitsi wamkulu uja.

Ine ndinali pawindo lapafupi ndi bolodi, ndinamva bwino. Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panatseguka pokha.

"Akuti dinani kawiri! Mofulumira, osati ngati mukugogoda kwa apongozi!"

Chipinda chonse chinadina kawiri. Mayi wamagalasi anaseka mpaka anavula magalasi, n'kundikodola kuti ndilowe. Ndinayang'ana mwana wanga kaye. Iye anasuntha, n'kundisiyira malo pambali pa bolodi. Kuyambira pamenepo iye ankanena, ine ndinkakweza. Zambiri zimene ndinkakuwazo sindinkazidziwa tanthauzo lake, koma sindinaphonye liwu ndi limodzi lomwe. Alamu nawo anapezerapo mwayi, analowa kuthawa mvula, n'kukhala pakompyuta imene inalibe munthu wachiwiri. Anakanikiza batani limodzi osachotsa chala, chilembo chimodzi chinadzaza galasi lonse, iwo n'kudumpha.

"Alamu, chaphulika!"

"Chotsani chala, akulu inu! Mukuyesa mukutsina fodya?"

Mvula itakata anamaliza. Anagwirizana kuti ena mwa iwo azibwera Loweruka limodzi pamwezi mpaka aphunzitsi atazolowera, ndipo kiyi wa chipindacho anamupereka kwa ahedi. Potsanzikana mayi wamagalasi anandigwira dzanja ndi manja awiri. Dalaivala uja anatsitsa galasi la basi n'kukuwa kuti, "Madala, lero ndalawako ubwana, zikomo!" Ndinamuopseza ndi chipewa, anthu n'kuseka. Basi inanyamuka.

Mwana wanga sanakwere. Anati agona kunyumba, akwera minibasi pa Chitakale mawa lake. Tinatenga kanjira kodutsa m'mphepete mwa tiyi, dzuwa litangotulukira pang'ono pansi pa mitambo. Mayi akunyumba ndi alamu anatsogola. Ife awiri tinatsalira, iye patsogolo, ine pambuyo. Tinayenda mpaka pamlatho wamatabwa osalankhulana. Ine mtima unali utapepuka, koma kukhala chete kwakeko kunkandilemera.

"Iwe," ndinatero. "Wakwiya?"

Iye anangopitiriza kuyenda.

"Ngati ndakuonongera kwa abwana ako, undiuze. Ndipita ku Blantyre komweko ndikakonze."

Anaima pamlatho paja n'kutembenuka. M'maso mwake munali mofiira.

"Ababa, ku Blantyre musapite, palibe chaonongeka. Ntchito ilipo, Lolemba ndikalowa monga mwa masiku onse. Kuno sananditumize munthu. Anzanga ankafuna sukulu ya pafupi ndi tauni, ine ndi amene ndinakakamira kuti tibwere kwathu, anandikanira kawiri, kachitatu ndi pamene analola. Koma chinthu chimodzi ndikupempheni. Ndikakuuzani kuti ndili bwino, muzindikhulupirira. Ine chibadwire sindinakuonenipo mutagwadira munthu, ndipo sindikufuna kudzaonanso."